M'kaundula Mukadali Moyo

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ine kuno ndilipo. Ndafunsa chifukwa ndi mwambo, apo ayi yankho ndili nalo kale pano patebulo. Malinga ndi kaundula wa mudzi wathu wa Ndembwe, inu muli bwino, mwadzuka, mwasesa pakhomo ndipo mwasonkha moto. Dzina lanu lili pa mzere womaliza, banja la nambala makumi atatu: Anastaziya, wamasiye, mlimi. Padutsa dzinja kawiri chikuikireni m'manda, ndipo chaka chilichonse ndikamakopera mayina m'buku latsopano, lanu ndimalilemba ndine ndi dzanja langali, mosamala kuposa ena onse.

Koma ndiyambe ndi zapakhomo, poti munkadana ndi munthu wofikira pa nkhani asanakhale n'komwe pansi. Chimanga chaka chino chinachita bwino kumtunda, cha kumunsi chinamira. Kachewere wa kudambo anabereka mpaka mavenda a ku Manjawira anatopa nafe, ankagula ngati akutithandiza kutaya zinyalala. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa awiri ndipo khalidwe siinasinthe, chingwe imachiona ngati ndiwo. Mjigo unathyoka, tinaukonza, unathyokanso. M'mudzi mwabadwa ana asanu ndi awiri chichokereni inu. Mmodzi anamutcha dzina lanu, ndiye pakali pano Ndembwe ili ndi a Anastaziya awiri, wina sanamere mano, wina kutafuna anasiya.

Ana akubadwa, Amayi, koma mwana si banja. Aboma sawerenga mitu ayi, amawerenga makomo ofuka utsi, ndipo anatiuza kalekale kuti mudzi wosakwana mabanja makumi atatu si mudzi, ubwerere pansi pa mfumu ya komwe unachokera. Tsiku limene tinakuikani tinaperewera ndi limodzi. Anthu asanathe n'kusamba m'manja komwe, malume a Bonifasi, alongo anu aja, amene ufumu anaulandira ngati munthu wongopatsidwa mwana wolira kuti agwireko, anandikokera kuseri kwa nkhokwe ndi kundigwiritsa buku.

“Vena, iwe ndiwe unapita ku yunivesite,” anatero. “Buku ili lisunge. Koma cholembera chiyambe chakhala m'thumba. Mayi akowa asiye momwemo kaye mpaka tione.”

Ndinati, “Malume, munthu tamuika masana ano, mudzi wonse waona.”

Iwo anati, “Mudzi waona. Boma silinaone.”

“Tione” wa malume mukumudziwa. Munkati munthu akhoza kumera imvi ali pa mzere wa “tione” wa a Bonifasi.

Zaka zinayi munagulitsa tomato kuti ine ndikaphunzire za malo ndi mapu, ndiye lolani kuti ndigwiritseko ntchito maphunzirowo ngakhale m'kalata mokha. Mudzi wathu ukaujambula pa pepala umaoneka ngati thumba la malaya: polowera ndi pomwepo potulukira. Kumadzulo kuli phiri la miyala yokhayokha, ndipo kuseri kwake ndi dziko la eni. Kumpoto kuli manda, nkhalango yokhayo imene yatsala chifukwa nkhwangwa imaopa kulowamo. Kum'mawa kuli dambo. Kumwera kuli kamtsinje kathu, ndipo kutsidya kwake ndi kwa Gumbwa. Msewu ndi umodzi, umaoloka pa mlatho wa matabwa asanu ndi kudutsa pakati penipeni pa mudzi wawo, moti ngakhale munthu akuthawa ayenera kupereka moni kasanu ndi kawiri ndi kufotokoza kumene akupita. Belu la tchalitchi cha ku Nzama limatifika mphepo ikafuna. Foni imagwira pa chulu chimodzi cha kumunda kwa aNachisale, ndipo Lamlungu masana pamakhala anthu ochuluka kuposa ku Mphakati. Anzanga amene ndinaphunzira nawo akujambula mapu a maboma athunthu. Ine dera langa ndimalizungulira madzi a tiyi asanawire.

Mbiri ya mudziwu nayonso ili pawiri, monga mudziwa. Malume akamwa masese amayambira kutali, makolo athu atanyamula zishango, ng'ombe zili patsogolo, mitsinje ikuluikulu ikuolokedwa. Inu munkawasiya amalize, kenako n'kunena muli mkati mosenda nyemba kuti, “Achimwene, zishangozo n'za anthu onse. Mudzi uno unayamba ndi mang'ina.” Ndiye mumatifotokozera: kwa Gumbwa kunali maliro a munthu wamkulu, anapha ng'ombe ya m'khola, ndipo pogawa nyama agogo anu, mayi wobereka ana khumi, anawaponyera mang'ina ngati mlendo wongodutsa. M'mawa mwake anasenza mtondo, ana pambuyo, n'kuoloka kamtsinje. Ulendo wonse wa fuko lathu ndinauyeza ndi mapazi anga: mapazi mazana anayi ndi khumi. Anakhala tsidya lino, anatsegula dambo limene aliyense ankaliopa chifukwa cha misundu, ndipo lero dambo lomwelo ndi limene limatidyetsa nkhokwe zikauma.

Nkhani yonse yagona pa dambolo. Tikabwerera pansi pa Gumbwa, wogawa madimba adzakhala mfumu ya kumeneko, ndipo ili ndi adzukulu ochuluka ngati linthumbu, onse opanda pothirira. Mang'ina aja sanawaiwale, ifenso sitinawaiwale. Mwina mufunsa kuti nanga a kwa Gumbwa, amene anabwera ku maliro anu ndi kudya nawo, bwanji sakatinenera? Iwonso ali ndi akufa awo m'buku, Amayi, ena mpaka akulandirabe makuponi a feteleza. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Tikakumana pa mlatho timafunsana mwaulemu kuti, “Agogo aja ali bwanji?” “Alipo, kaya mayi anu?” Tonse nkhope zili gwa.

Mabanja akutha chifukwa anyamata akangomera ndevu amapita ku Joni, ndipo atsikana amatengedwa chitengwa. Mkamwini wamakono safuna kudzalima munda wa apongozi m'thumba ngati lino. Muli nyumba zitatu zamalata zowala, zomangidwa ndi anthu a ku Joni, zonse zili ndi loko pakhomo. Zimenezo ngakhale malume amavomera kuti kuziwerenga n'kuyesa Mulungu.

Ndiye m'mawa uliwonse ndimasonkha moto kawiri. Ndimayamba ndi wanu, poti ndinu akulu. Ndimatsegula chitseko, kusesa pakhomo, kuyanika chitenje chimodzi pa chingwe, ndi kuika nkhuni zaziwisi pang'ono kuti utsi uonekere kutali. Mwambo wathu umati nyumba ya malemu igwetsedwe tikameta kachiwiri, kuti mwini wake adziwe kuti za kuno zatha, apite akapume. Inu nomwe munkati, “Ndikadzapita musadzandisunge ngati mbewu. Gwetsani nyumba, pabwinja pamakoma maungu.” Kumeta kwachiwiri sitinamete. Nyumba yanu tinaifolera udzu watsopano mu Ogasiti, ndipo ndi yokhayo yaudzu m'mudzi muno imene siidontha. Yanga imadonthera pa phazi.

Za ine mukudziwa mmene zinayendera. Ndinabwera kudzakudwazikani miyezi itatu, kachikwama kamodzi, satifiketi ili m'pulasitiki. Chino ndi chaka chachitatu. Mukadali pa mphasa malume anandimangira kakhitchini kuseri ndi kundilemba pandekha, banja la nambala makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Ndine mkazi woyamba m'mbiri ya Ndembwe kukwezedwa kukhala banja popanda mwamuna, popanda ankhoswe, popanda ngakhale nkhuku yodyera unkhoswe. Choncho ine ndine mabanja awiri, langa ndi lanu. Ndikachoka, utsi uwiri uzima tsiku limodzi.

Mwezi wa Seputembala ndili pa chulu chija ndinalandira uthenga. Ofesi ina ku Lilongwe, yojambula mapu a minda, yandilemba ntchito, ndikayambe mu Januwale. Ndinawerenga katatu, nyerere zikundikwera m'miyendo osazimva. Ndinapita kukawauza malume. Anali kusoka thumba la kachewere. Anavula chipewa, anachiyang'ana mkati ngati muli yankho, ndipo anati, “Pita, mwana wa mlongo wanga. Ndani angakuletse? Ungotiuza tsiku lake, tikawauze a kwa Gumbwa adzatenge dambo lawo tisanabzale, mbewu ingatayike pachabe.” Akanandikalipira, Amayi, bwenzi pano ndikulongedza. Koma munthu amene akukuuza kuti pita ali kuyang'ana m'chipewa, umamuyankha chiyani?

Kenako kunabwera mawu akuti kukubwera munthu wochokera ku boma kudzaona yekha makomo onse, khomo ndi khomo, mwini wake ali pakhonde ndi chitupa cha unzika m'manja. Utsi wokha sukanakwanira. Panafunika Anastaziya wokhala ndi miyendo. Maso onse anagwera pa mng'ono wanu, amayi aang'ono a Felisita.

“Ine ndikhale Anastaziya?” anatero. “Munthu uja sankaseka pamaso pa alendo. Ine ndikangoona tayi mano ali pamtunda.”

Malume anati, “Ungokhala chete, uzikhosomola.”

“Ndikhosomole kangati? Poti mkulu wangayo ankakhosomola mwaulemu, ine chifuwa changa chimathamangitsa nkhuku.”

Vuto linanso linali lakuti a Felisita ndi banja la nambala khumi ndi ziwiri, ndiye anayenera kuwerengedwa kwawo kaye, kenako kudzera kuseri kwa nkhokwe, kusintha duku ndi chitenje ali chothamanga, ndi kukapezeka atakhala pakhonde panu mlendo asanamalize makomo enawo. Tinayeserera kawiri. Ulendo woyamba anagwera m'dzenje la zinyalala. Za chithunzi cha pa chitupa sindinade nazo nkhawa. Pa zithunzi zimenezo aliyense amaoneka ngati anamwalira kale.

Tsikulo linali Lachiwiri m'mawa. Njinga yamoto inaoloka mlatho, munthu anavula chisoti, ndipo ndinaona kuti ndi Limbani. Tinali kalasi limodzi zaka zonse zinayi. Mutamwalira iye ndi amene anauza anzathu onse pa foni, anasonkhanitsa chipepeso, ndipo anandiimbira mpaka ndinalira pa chulu paja anthu akuona. Munthu amene anabwera kudzakuwerengani amoyo ankadziwa ngakhale tsiku la maliro anu.

Apa ndikuululireni, poti kumeneko mwina mukuona kale mitima. Ndinasangalala. Mumtima munangoti myaa. Ndinati basi, Mulungu wanditumizira mpeni. Limbani akana, afufuta dzina lanu, mudzi ugwa, ndipo palibe adzanene kuti Vena ndiye anatigulitsa. Ndidzalira nawo limodzi, kenako ndidzakwera kabaza. Ndinayenda naye khomo ndi khomo, malume ali pambuyo pathu, ine ndili wopepuka ngati mwana wopita ku Khirisimasi. Pa khomo la khumi ndi ziwiri a Felisita anamusekerera mpaka kumufunsa ngati ali pabanja. Titafika pa makumi awiri ndinamva nkhuku zikubalalika kuseri kwa nkhokwe.

Pakhomo panu tinapeza mayi atakhala pa mkeka, duku lanu lobiriwira lili mpaka m'nsidze, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu. Limbani analandira chitupa ndi manja awiri. Anayang'ana chitupa, anayang'ana mayiyo, anayang'ana ine. Ine ndinamuyang'ana m'maso osaphethira, kuti awerenge zimene pakamwa sipakanatha kunena. Iye ananjuta pansi.

“Amayi, ndinamva kuti munadwala kwambiri.”

“Ndinadwala, mwana wanga,” anatero a Felisita. “Mpaka anthu anasonkhana.”

“Koma ndikuona mwachira.”

“Ndi mphamvu ya Mulungu. Ndi achimwenewa.”

Anachonga. Ndinamva ndithu kulira kwa cholembera pa pepala. Pomuperekeza ku njinga yake anandiuza motsitsa mawu kuti, “Vena, usade nkhawa. Inenso kwathu n'kumudzi. Sindinaone kanthu.” Ndinati, “Ukanaona.” Anaseka, kuyesa kuti ndi nthabwala zanga za kusukulu zija, ndipo anati sadzabweranso mpaka patapita zaka. Anandifunsa ngati ndikufuna andinyamule mpaka pamsewu waukulu. Ndinati ayi, ndili ndi moto pamafuwa.

Masana amenewo m'mudzi munali chisangalalo chimene sindinachionepo. Anatulutsa thobwa, amuna anavina ngoma, malume anafukula chishango chawo chodyedwa ndi njenjete n'kumaponda pansi mpaka fumbi. Azimayi a m'mudzi ankandiimbira nthungululu, akuti sukulu ya Vena yapulumutsa mudzi. A Felisita anadya mbale ziwiri, akuti imodzi ndi yanu. Ine ndinakhala pakati pawo ndikumwetulira, ndikukumbukira muja munkanditsinira khutu ndikakana kupempha mchere kwa aneba: “Mbewa ya manyazi inafera kuuna, iwe.” Una wake ndi uno, Amayi, ndipo ndimausesa ndekha.

Tsopano nkhani yabwino. Mwandida, mdzukulu wa a Felisita uja munkamutcha kamphuno, wapeza mwamuna. Ndi mnyamata wa ku Champiti, wofatsa, wodziwa kukonza njinga, ndipo chodabwitsa n'chakuti wavomera chikamwini. Njerwa waumba kale, waotcha, nyumba yafika pa mawindo. Ukwati uliko ikangopita Khirisimasi. Limeneli ndi banja loyamba lenileni kulowa m'buku langa, lokhala ndi anthu awiri opuma.

Malume anabwera kwanga sabata yomweyo, anakhala pa mtondo, chipewa m'manja. “Vena, ndakhala ndikuwerenga,” anatero. “Mwandida akasonkha moto wake tikhala ndi limodzi lapadera. Limodzi lokha. Felisita wavomera kuti azisonkha wa mayi ako, wazolowera kale udindo. Ndiye iwe ukhoza kupita ku Lilongwe kuja, ife tikhalabe makumi atatu. Kapena...” Sanamalize. Anayang'ana ku nyumba yanu, ine ndinamva. Mpata ndi umodzi, ofuna kutuluka tili awiri.

Ndisakunamizeni, ndinayamba kuchapa zovala. Ndinakafunsa mtengo wa chipinda ku Lilongwe. Ndinadziuza kuti inu simuli pa changu, kumeneko kulibe Januwale.

Ndiye linafika tsiku lokumbukira akufa, lija timapita tonse kukalambula kumanda. Mukudziwa, kapena simukudziwa, kuti pa manda anu sitinalembe dzina. Malume anati munthu wa boma akhoza kudutsa, ndiye tinangozika mtanda wa matabwa wopanda chilembo. Buku la ku tchalitchi limati munamwalira, buku la mudzi limati muli moyo, manda sanena kanthu. Ndinalowa ndi khasu langa molimba mtima, ndinafika pansi pa mtengo wa msuku, ndipo ndinaima. Mvula ya zaka ziwiri inasalaza mitumbira, chiswe chinagwetsa mitanda, udzu unamera mofanana. Panali mitumbira iwiri yoyandikana, ndipo sindinadziwe kuti wanu ndi uti. Ine, wa digiri ya mapu, amene ndingakuuzeni kutalika kwa phiri lathu ndi kumene madzi a m'dambo amachokera. Ndinasankha wa kumanja ndi kuyamba kupalira. Ndinapalira mpaka theka, ndikuyankhula nanu za mbuzi, pamene a Felisita anandigwira paphewa.

“Amenewo ndi apongozi a aNachisale,” anatero. Sanaseke, koyamba m'moyo wawo. “Mayi ako ndi awa.”

Ndinamaliza kaye a apongozi a aNachisale, poti sukanasiya munthu atametedwa mbali imodzi. Kenako ndinabwera kwa inu. A Felisita ali ndi zaka zawo, ndipo akadzapita iwo, wondigwira paphewa adzakhala ndani?

M'mawa mwake ndinakwera pa chulu ndi kulembera a ku Lilongwe kuti zikomo, apatse wina. Anayankha msanga, mwaulemu, moonetsa kuti winayo anali kale pakhomo. Ndinawauza malume kuti mpata uja ndi wa inu, Amayi. Anafuna kuyankhula, ndinati, “Malume, chipewacho valani.” Tsiku lotsatira ukwati wa Mwandida ndidzatenga rula ndi kudula mzere wowongoka pa dzina lanu. Tidzameta, anyamata adzagwetsa nyumba, ndipo mwamuna wa Mwandida wati ali ndi mnzake wowotcherera zitsulo amene atipangira mtanda wosadyedwa ndi chiswe. Zilembo ndidzalemba ndekha, zikuluzikulu, zoti ngakhale wa boma aziwerenge ali pa njinga.

Ine ndikhala ndikusunga nambala yanga mpaka kudzapezeke ukwati wina. Ndayang'ana m'buku kuti wotsatira ndani. Mtsikana wamkulu amene watsala m'mudzi muno ali Sitandade 5, ndipo ndi wanzeru zoopsa. Loweruka lililonse amabwera kwanga ndi makope ake, ndipo ndine amene ndimamuuza kuti asathamangire banja, aphunzire mpaka ku yunivesite.

Pirirani milungu isanu yokha, Amayi. Mukatero mudzapita, ndipo palibe adzakudzutseninso m'mawa ndi nkhuni zaziwisi. Limeneli ndalonjeza, ndipo si “tione”. Mupereke moni kwa agogo, muwauze kuti dambo lawo likadali m'manja mwathu.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kalekale,

Venansiya